Magetsi a Pansi pa Mpando

Anafika Lachiwiri, nkhungu isanachoke pa Luwinga,
Siyenta yake ikutsokomola ngati nayonso yagona osafunda.
Gomezgani Chavula, wa takisi ya ku Chibavi,
jekete mpaka m'makutu, kajumbo m'manja.
"Amisiri, ndikufuna buluu.
Pansi pa mipando, m'mbali mwa zitseko,
ngati ija ya mnyamata wa pa Katoto
imene anthu amaiimitsa ngakhale alibe kopita."

Ndinayang'ana matayala ake, osalala ngati dazi.
Ndinayang'ana waipa yomangidwa ndi lekeni.
Sindinanene kanthu.
Mmisiri akayamba uphungu amagona ndi njala.

Ndinatambasula chingwe chija pa boneti,
timagetsi tondondozana ngati mikanda,
mamita asanu ogula pa Taifa,
guluu wake atafooka kale ndi chinyezi.
Ndinagona chagada, mutu pansi pa chiwongolero,
miyendo panja ikulandira mvula yowaza.
Nditavundukula kapeti ndinapeza mudzi wonse:
makoko a mtedza, ndolo imodzi,
chisa chothyoka mano, lisiti ya kuchipatala
ya munthu amene mwina anachira.

Waya wofiira ku fyuzi, wakuda ku chitsulo.
Zala zinauma ndi chisanu cha Juni,
tepi ndinkadula ndi mano.
Pena ndinaphonya. Kunathetheka,
fungo la mphira wopsa,
Gomezgani n'kudumpha: "A Sichali, mundiotchera ofesi!"
Ndinaikamo fyuzi ya m'thumba mwanga, osamuuza mtengo.

Kenaka swichi.
Mapazi athu anamira mu buluu mpaka m'akakolo,
nsapato zake zong'ambika
zikuoneka ngati zangotuluka m'sitolo.
Anaseka yekha, nazimitsa, nayatsanso, nazimitsa.
Analipira theka.
Theka linalo, "Loweruka, yewo."

Loweruka linabwera lokha.

Lolemba ndinamva phokoso pa geti:
anyamata awiri a sakaramento akumukankha,
iye mutu pawindo, akuwongolera manyazi ake.
"Magetsi anu aja akudya batire."
Ndinati anga sadya injini ikulira,
kapena mumawasiya oyaka usiku?
Anakanda m'mutu,
nayang'ana ku Kaning'ina ngati yankho lili m'mitengo.

"Kwathu thiransifoma inapsa, sabata yachitatu ino.
Walusungu ali Folomu 4, mayeso ali pakhomo,
kandulo satha masiku awiri.
Akangodya amatenga bulangete ndi makope,
n'kukhala pansi, pakati pa mipando,
pomwe kuwala kwanu kumagwera,
mpaka agalu a ku Chibavi atatopa kuuwa.
Ine ndimudzutse, ndimuuze za batire?
Ndiye dzulo akudandaula:
akuti mu buluu umu
inki yofiira ya aphunzitsi ikuoneka yakuda,
sakusiyanitsa pomwe analemba iye
ndi pomwe anamukonza.
Mulibe woyera?"

Ndinali naye. Theka la mita,
wotsala pa minibasi ya ku Ekwendeni,
ndinkasungira khonde langa.
Ndinamumata kudenga, pamwamba pa mpando wa kumbuyo,
waya n'kumubisa mumsoko wa nsalu,
swichi yakeyake kumanzere,
poti munthu aifikire osavula bulangete.
Batire inagona kwanga, ikuyamwa pa tchaja.
Nditagwira buluu uja kuti ndimatule
anandigwira dzanja:
"Ameneyo musiyeni, ndi wa makasitomala."

Walusunguyo sindinamuonepo.
Ndimangodziwa kuti amalemba ndi dzanja lamanzere,
poti inki inadontha mbali imeneyo ya mpando,
ndi kuti amatafuna chivindikiro cha bolopeni.

Theka lija silinabwere mpaka lero.
Madzulo ena ndikamakwera mtunda wa ku Chiputula wapansi,
bokosi la zitsulo likundikoka phewa,
ndimaiona ikutuluka mu nkhungu,
mapazi a anthu osawadziwa akuyandama mu buluu wanga.
Ndimakweza dzanja.
Amaliza hutala kawiri n'kudutsa, yodzaza,
waipa ija ikugwedera pa lekeni yomweyo.